Masewera Ophunzirira Mau a Chingerezi: Zimene Mlembi wa Nthambi ya Nsipe Analankhula

Awa ndi mau amene Mlembi wa nthambi yathu, amenenso ndi mphunzitsi, analankhula pa msonkhano wa mamembala. Tawasindikiza kuti amene sanafike amve nawo.



Lero sitinaimirire pano kuti tiwerenge za ndalama za makadi iai. Nkhani yathu ndi ya kalasi ya Chingerezi ya akuluakulu imene nthambi ino inatsegula chaka chatha. Nonse mukudziwa m'mene inayendera. Sabata yoyamba mabenchi anachepa, ena anakhala pa mikeka, ena pa njerwa. Pofika mwezi wachitatu tinatsala owerengeka. Ena anati ndi ntchito ya kumunda, ena anati ndi maliro, ena anati maso sakuona bwino. Zonsezo nzoona, koma chifukwa chachikulu tikuchidziwa ife amene tinkagwira choko, ndipo tiyenera kuulula pamaso panu.

Tinalakwa ndife. Ku sukulu ya uphunzitsi tinaphunzira kuphunzitsa ana, ndipo tinatenga njira ya ana yomweyo ndi kubwera nayo kwa makolo ao. Tinkalemba mau makumi awiri pa bolodi, onse nabwereza pambuyo pathu, ndipo tsiku lotsatira tinkaloza munthu mmodzi kuti aimirire ayankhe. Tsiku lina tinaloza bambo wina wachikulire, munthu amene amaweruza milandu pabwalo, amene akamalankhula anthu amakhala chete. Mau anawathawa. Anyamata awiri anaseka, mkamwini wao ali pomwepo. Bambowo anatenga chipewa chao, natsazika mwaulemu, ndipo sanabwerenso. Sabata yotsatira anzao a msinkhu wao analekanso. Titapita kwao kukapepesa, anatiuza kuti akhala zaka zambiri osadziwa Chingerezi ndipo sanafe nazo, koma manyazi a tsiku lija sangawasenze kawiri.

Kuyambira pamenepo takhala tikufunsa kwa aphunzitsi anzathu ndi kuwerenga za m'mene anthu a maiko ena amaphunzitsira akuluakulu. Ndi ochepa amene anatsala aja tinayesa njira ina, ndiyo kuphunzira mau mwa masewera. Taona kuti ikuthandiza, ndipo tifuna kukufotokozerani masewerawo amodziamodzi, kuti mukamva kuseka m'kalasi muja musati akuluakulu ayamba zachibwana.

KODI CHINGEREZI NCHACHIANI KWA MLIMI WA KU NSIPE?

Alipo amene amati, "Ine ndakalamba, Chingerezi ndichita nacho chiani? Kodi chimanga chimamva Chingerezi?" Inde chimanga sichimva Chingerezi, koma thumba la feteleza amene mumathira ku chimangacho linalembedwa m'Chingerezi. Botolo la mankhwala opopera tomato ndi kabichi, kapaketi ka mankhwala a mwana, lisiti la kusitolo, chitupa cha unzika chimene tinalembetsa mu 2017, uthenga umene umabwera pa foni mwana wanu akatumiza ndalama kuchokera ku Johannesburg, pepala la ngongole limene amakuuzani kuti musaine pansi pake: ponsepa mupezapo mau a Chingerezi. Munthu wosadziwa mau akuti "expiry date" agula mankhwala amene anatha kale mphamvu. Wosadziwa "interest" avomera ngongole asanamve chiwongoladzanja chake. Wosatha kuwerenga uthenga wa pa foni apereka foniyo kwa munthu wachilendo pamsika, namuuza ndi nambala yake yachinsinsi yomwe. Paja akulu anati safunsa anadya phula, koma masiku ano ngakhale wofunsa amadya phula ngati wafunsa kwa wakuba.

Ndiponso ife ndife gulu la ndale, tsono tiyang'ane mbali imeneyo. Mu 1953 mafumu a dziko lino anapita ku London kukakana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo madandaulo ao analembedwa m'Chingerezi. Chaka chomwecho Inkosi Gomani II, mfumu ya kuno kwathu, anachotsedwa pampando ndi boma la atsamunda pa nkhondo yomweyo yokana chitaganya. Pa chisankho cha mu August 1961 kudziwa kulemba ndi kuwerenga kunali chimodzi mwa zinthu zoyenereza munthu wamba kuvota. Zimenezo zinatha, lero nzika iriyonse ya zaka 18 imavota. Koma ndime 51 ya malamulo aakulu a dziko lino ikunenabe kuti wofuna kukhala phungu wa Nyumba ya Malamulo adziwe kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kuti atenge nawo mbali pa zokambirana. Mwana sangalandire satifiketi ya MSCE akalephera Chingerezi. Makalata ambiri a m'maofesi, malipoti a ndalama za chitukuko, ndi zikwangwani zimene amaimika pomanga mlatho kapena sukulu zimalembedwa m'Chingerezi. Nanga tingafunse bwanji za ndalama za mlatho ngati sititha kuwerenga chikwangwani chonena mtengo wake ndi tsiku lotsirizira ntchitoyo?

Potero sitikunena kuti titaye Chichewa iai. Ife a ku Ntcheu tikudziwa kuwawa kwa kutaya chinenero, pakuti makolo athu Angoni anafika kuno ndi chinenero chao, ndipo lero chatsala m'nyimbo za ngoma, m'ziwongo ndi m'mau owerengeka. Ndondomeko ya sukulu za kwacha ya dziko lonse, imene boma linayambitsa mu 1986, inayamba ndi Chichewa, ndi buku lija la Chuma ndi Moyo, ndipo mpoyenera. Amene sanadziwe kuwerenga Chichewa ayambe kumeneko. Chingerezi tichitenge monga khasu lachiwiri lolimira munda wina.

CHIFUKWA CHAKE TASANKHA MASEWERA

Choyamba tichotse mantha. Buku lomasulira mau a Chingerezi ndi lalikulu ngati njerwa, ndipo munthu akaliona amagwa mphwayi. Koma mphunzitsi wina wa ku England dzina lake Michael West, amene anagwira ntchito zaka zambiri ku Bengal, anasindikiza mu 1953 mndandanda wa mau pafupifupi 2,000 amene amapezeka kawirikawiri, ndipo mau amenewa ndiwo amadzaza mbali yaikulu ya zolembedwa za masiku onse. Ife sitikufuna ngakhale 2,000 chaka chino. Tikaphunzira mau khumi pa sabata kwa masabata 30 tidzakhala ndi mau 300, ndipo tikawasankha bwino adzatithandiza kuwerenga thumba, botolo, lisiti ndi fomu. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha.

Chachiwiri, kuiwala si ukalamba. Mu 1885 munthu wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasindikiza zimene anapeza atadziyesa yekha. Iye ankaloweza timau topanda tanthauzo ndi kuwerengera m'mene tinkamuthawira. Anaona kuti zambiri zimathawa m'maola oyambirira ndi tsiku loyamba lomwe, ndiponso kuti chinthu ukachibwereza pa masiku osiyana chimakhalitsa kuposa kuchibwereza kambiri pa tsiku limodzi. Tsono liu la Chingerezi liyenera kukumana nafe kambiri: tilimve, tilione, tilitchule, tiligwiritse ntchito. Koma ndani angapirire kubwereza liu limodzi kakhumi akuyang'ana bolodi? Apa ndi pamene masewera athandiza, pakuti m'masewera liu limabwera kakhumi munthu osatopa, ndipo amalifunafuna yekha m'mutu mwake chifukwa afuna kuti gulu lake lipambane.

Chachitatu, masewera si a ana okha. Pitani pansi pa mtengo pamsika mukaone amene azungulira bawo. Ndi abambo a imvi, ndipo amawerengera timiyala m'mutu mofulumira kuposa mwana wa Fomu 2. Munthu akagonja pa bawo sachita manyazi, amangoti tiyambenso. Mtima umenewo ndiwo tiufuna m'kalasi.

MASEWERA OYAMBA: KUSAKA ALENDO

Awa ndi a tsiku loyamba. Timagawa kalasi m'magulu awiri, ndipo magulu amasinthana kutchula mau a m'Chichewa amene akuganiza kuti anachokera ku Chingerezi: sukulu, buku, tebulo, supuni, kapu, sopo, shuga, botolo, sitolo, basi, banki, sikelo, lisiti, pensulo. Mphunzitsi amalemba liu lirilonse, ndipo pambali pake amalemba mwini wake wa Chingerezi: school, book, table, spoon, cup, soap. Gulu limene mau alithera msanga lagonja. Muli misampha yokondweretsa, pakuti wina amati nsapato, wina kalata, wina mbatata, osadziwa kuti amenewa tinabwereka ku Chipwitikizi, chimene abale athu a tsidya la malire ku Mozambique amaphunzira ku sukulu. Pomaliza bolodi limadzaza, ndipo munthu amene anabwera akuti sadziwa kanthu amapita kwao atazindikira kuti Chingerezi china wakhala akuchilankhula chibadwire. Amaonanso kuti ife timaonjezera lembo kumapeto kwa liu, monga pa buku ndi kapu, pamene Mngerezi amalidula msanga.

MASEWERA ACHIWIRI: CHASOWA NCHIANI PA LICHERO?

Mphunzitsi amaika pa lichero zinthu zisanu ndi zitatu za pakhomo, monga mpeni, singano, machesi, mchere, dzira, kiyi, chingwe ndi ndalama. Amanyamula chimodzichimodzi ndi kuchitchula m'Chingerezi, onse nabwereza pamodzi. Kenaka amavundikira ndi chitenje, nachotsa chinthu chimodzi mobisa, navundukula. Gulu loyamba kutchula m'Chingerezi chimene chasowa limalandira nyemba imodzi, ndipo pomaliza timawerenga nyembazo. Masewerawa ndi akale. Akupezeka m'buku la Rudyard Kipling lotchedwa Kim la mu 1901, ndipo a Scout anawatenga kuti aziphunzitsira anyamata kupenyetsetsa. Ubwino wake ngwakuti liu limamatirira pa chinthu chenicheni chimene munthu wachiona ndi kuchigwira. Taona kuti amayi ndiwo amapambana kawirikawiri, chifukwa mayi amadziwa msanga chinthu chikasowa m'nyumba mwake. Sabata yotsatira ophunzira amabweretsa okha zinthu zimene afuna kudziwa maina ake, ndipo timasiyamo ziwiri kapena zitatu za sabata yatha kuti mau akale asathawe.

MASEWERA ACHITATU: MSIKA

Timasandutsa kalasi kukhala msika wa Kampepuza. Ena amayala malonda: tomato, anyezi, mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, sopo ndi mchere. Ena amagula ndi ndalama za mapepala zimene tajambula tokha. Lamulo ndi lakuti mtengo ufunsidwe ndi kuyankhidwa m'Chingerezi, koma kunenerera ndi kudandaula kuti zadula kuloledwa m'Chichewa. Manambala a Chingerezi tonse timawadziwa kale, koma muli msampha pakati pa "thirteen" ndi "thirty", ndi pakati pa "fifteen" ndi "fifty". Pa ndalama, kusiyana kwa K15,000 ndi K50,000 ndi K35,000, ndipo si zochepa kwa mlimi. M'masewerawa wogula akamva molakwa amalipira zimene wamva, kalasi yonse niseka, iyenso naseka, pakuti zapita ndi ndalama za mapepala. Kuli bwino kutaya zimenezo kuno kusiyana ndi kukataya zenizeni kumsika.

Pomaliza wogulitsa amalemba lisiti, ndipo pamenepo timaphunzira date, quantity, price, total, paid ndi balance. Tsiku lina timabweretsa sikelo ndi thumba lopanda kanthu la feteleza wa Urea. Timawerengapo "net weight 50 kg", ndiko kulemera kwa feteleza yekha osawerengera thumba, ndi nambala 46 imene isonyeza kuti pa makilogalamu 100 alionse, 46 ndi nayitirojeni, chakudya chimene chimabiriwitsa chimanga. Motero m'thumba limodzi muli makilogalamu 23 a chakudyacho. Tsiku linanso timasewera ngongole, pakuti ife timati kubwereka kwa wopereka ndi kwa wolandira yemwe, pamene Chingerezi chimati "lend" kwa wopereka ndi "borrow" kwa wolandira. Pa pepala la ngongole munthu ayenera kudziwa mzere umene uli wake.

MASEWERA ACHINAI: KAPITAO WATI

Mtsogoleri amalamula m'Chingerezi, onse nachita ndi manja: open, close, shake, mix, pour, measure, wash, sign. Akayamba ndi mau akuti "Kapitao wati", muchite. Akalamula osatchula kapitao, musasunthe. Mphunzitsi wina wa ku America, James Asher, anafalitsa njira yophunzira chinenero ndi thupi m'zaka za m'ma 1960, ataona kuti mwana amamva ndi kuchita zimene wauzidwa asanayambe kulankhula. Kwa munthu wamanyazi njira iyi ndi yabwino, pakuti sakakamizidwa kutsegula pakamwa kufikira atafuna yekha. Mau ake timawatenga pa malangizo a mankhwala a kuchipatala ndi a kumunda, chifukwa kumeneko kulakwa liu limodzi kungapweteke munthu. Timaonjezerapo poison, danger, ndi "twice a day", ndiko kuti kawiri pa tsiku. Ana akamasewera masewerawa wolakwa amatuluka. Kwa ife satuluka, gulu lake limangobweza nyemba imodzi. Okalamba amachita ali chikhalire pa benchi.

MASEWERA ACHISANU: CHIMANGA PA KHADI

Anthu awiriawiri amalandira chidutswa cha katoni chogawidwa m'tizipinda tisanu ndi tinai, mizere itatu ya tizipinda titatu. M'kachipinda kalikonse muli liu la pa fomu: name, surname, village, district, date of birth, sex, occupation, signature, witness. Mau aikidwe m'malo osiyana pa khadi lirilonse. Mphunzitsi amatchula m'Chichewa, monga kunena kuti "mboni", ndipo ophunzira amafuna pamene pali "witness" naikapo njere ya chimanga. Oyamba kudzaza mzere amafuula kuti "Takolola!" nawerenga mau ao atatu mokweza, akuthandizana awiriwo. Anthu akazolowera, mphunzitsi amatchula m'Chingerezi ndipo timalowetsamo mau amene amafanana m'khutu mwathu. Kwa ife l ndi r ndi amodzi, tsono "light" ndi "right", kapena "collect" ndi "correct", timawamva ngati liu limodzi, pamene kwa Mngerezi ndi mau osiyana kutali. Chimodzimodzi "live" ndi "leave": limodzi liti khala, lina liti choka.

MASEWERA ACHISANU NDI CHIMODZI: NDAGI

Kale madzulo tinkakhala pamoto, wina nati "Ndagi!" ena nati "Gize!" M'kalasi timachita chomwecho, koma ndagi ikhale m'Chichewa, yankho likhale m'Chingerezi, lochokera m'mau amene taphunzira kale. Ophunzira amapeka okha. Mayi wina anati, "Ndinabwereka nkhuku imodzi, mwini wake akufuna nkhukuyo ndi anapiye omwe." Yankho lake ndi "interest". Bambo wina anati, "Ndinalemba kamodzi, ndamangidwa chaka chonse." Yankho ndi "signature". Winanso anati, "Tsiku la maliro lalembedwa mwini wake asanadwale." Gulu lina linalephera kufikira atauzidwa kuti ndi "expiry date". Pa masewera awa mphunzitsi amatsala m'mbuyo, chifukwa akuluakulu ali ndi nzeru za kupeka kuposa ife a ku sukulu. Ndipo munthu amene wapekera liu ndagi yakeyake saliiwala msanga, pakuti walisinkhasinkha mbali zonse.

MASEWERA ACHISANU NDI CHIWIRI: ZITINI ZITATU

Awa ndi a kunyumba. Dulani timapepala, mbali ina mulembe liu la Chingerezi, mbali ina la Chichewa. Pezani zitini zitatu. Timapepala tonse tiyambe m'chitini choyamba, chimene mutsegule tsiku lirilonse. Mukakhoza liu, lisamukire m'chitini chachiwiri, chimene mutsegule Lachitatu ndi Loweruka. Mukalikhozanso lipite m'chachitatu, cha Lamulungu lokha. Mukalephera, libwerere m'choyamba. Motero mau ovuta mumakumana nao kawirikawiri, ndipo osavuta sakutayirani nthawi. Njira iyi inafalitsidwa mu 1972 ndi mtolankhani wolemba m'Chijeremani, Sebastian Leitner, ndipo yatsamira pa zimene Ebbinghaus uja anapeza. Mwana wa sukulu akhale wofunsa, kenaka kholo limfunse iye. Mu 2014 boma linalengeza kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira Sitandade 1, ndipo ife aphunzitsi tikudziwa m'mene ana a kumudzi amavutikira nacho. Tsono zitini zimenezi zithandiza mwana ndi kholo pamodzi.

MALAMULO A KALASI YATHU

Masewera oyendetsedwa molakwa angachititse munthu manyazi kuposa bolodi lija. Chifukwa chake taika malamulo awa, ndipo tikalakwanso ife aphunzitsi, mutikumbutse.

1. Palibe woimiritsidwa yekha kuti ayankhe. Yankho ndi la gulu, kulakwanso ndi kwa gulu.

2. Palibe wotuluka m'masewera. Amene walakwa ndiye afunika kubwereza kwambiri, nanga akatuluka aphunzira liti?

3. Ulemu wa kumudzi ulowe nafe m'kalasi. Mkamwini asapikisane ndi apongozi ake. Amfumu ndi nduna zao asankhe okha gulu limene afuna. Amayi akafuna gulu laolao, aloledwe.

4. Mau atsopano asapitirire khumi pa sabata, ndipo ambiri asankhidwe ndi ophunzira eni ake. Amene wakumana ndi pepala limene lamgonjetsa abwere nalo, kapena akopere liulo pa kapepala.

5. Zilembo zikhale zazikulu chifukwa cha maso a okalamba, ndipo kalasi ithe dzuwa likadalipo, kuti amayi akafike kwao kusanade.

6. Chichewa chiloledwa. Sitidzalanga munthu chifukwa cholankhula chinenero cha amake, monga ena a ife tinkalangidwira tiri ana.

7. Masewera alionse athere pa pepala lenileni. Tikatha Chimanga pa Khadi tilembe fomu yeniyeni. Tikatha Msika tiwerenge lisiti lenileni. Popanda zimenezi tidzangoseka ndi kubwerera kwathu chimanjamanja.

Tinene zoona: masewerawa amaphunzitsa mau, sangapatse munthu Chingerezi chonse. Sitikulonjeza kuti pakutha pa chaka mudzaima m'Nyumba ya Malamulo. Wofuna kulemba kalata yaitali kapena kulankhula pamsonkhano ayenera kupitiriza ndi kuwerenga mabuku ndi kumanga ziganizo. Chimene tikulonjeza ndi chakuti amene adzapirira adzagwira pepala m'manja mwake nazindikira mau ake akuluakulu, ndipo adzadziwa pamene ayenera kunena kuti, "Taimani kaye, apa sindisaina ndisanamve."

ZIMENE TIKUPEMPHA KWA NTHAMBI

Kwa inu mafumu athu, tikupempha kuti mulengeze m'midzi mwanu kuti kalasi itsegulidwanso tikatha kukolola, Lachiwiri ndi Lachinai, 2 koloko masana. Kalasi iyi ndi ya aliyense. Sitidzafunsa khadi la umembala pakhomo, chifukwa botolo la mankhwala silifunsa chipani cha munthu.

Kwa inu abambo, lolani amayi abwere, ndipo inunso mubwere. Ambiri a inu mumati kuphunzira pamodzi ndi akazi nkochititsa manyazi, koma pa Msika ndi pa Ndagi tidzakufunani ndithu.

Kwa inu achinyamata amene munafika Fomu 4 ndipo muli pamudzi, tifuna aliyense atsogolere gulu limodzi. M'zaka za m'ma 1930 mmishonale wina wa ku America, Frank Laubach, anali kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga ku Philippines. Ndalama zolipirira aphunzitsi zitatha, ntchito inapitirira mwa lamulo lakuti aliyense amene waphunzira aphunzitse mnzake mmodzi, ndipo njira imeneyo inafalikira m'maiko ambiri. Ifenso ndalama tiribe, koma anthu tiri nao. Chimene tikupempha kwa inu ndi ulemu. Amene adzaseka munthu wamkulu polakwa liu sadzatsogoleranso gulu.

Kwa nonse, sonkhanitsani makatoni, zitini, malisiti akale, matumba a feteleza opanda kanthu ndi timapaketi ta mankhwala a kuchipatala topanda kanthu, mupereke kwa Msungichuma wa nthambi. Koma chenjezo ndi ili: mabotolo a mankhwala opopera mbewu kapena osungira chimanga musabwere nao m'kalasi, ngakhale atatha, chifukwa poizoni amatsalira m'kati ndipo amayi amabwera ndi ana kumbuyo. Koperani mau ake pa pepala, kapena wachinyamata ajambule ndi foni, ndipo musambe m'manja ndi sopo.

Kwa inu amene munaleka chaka chatha chifukwa cha kulakwa kwathu, tikupepesa pamaso pa msonkhano uno, ndipo tidzafika m'makomo mwanu mmodzimmodzi. Bambo aja amene tinawaimiritsa tinakawaonanso mwezi watha, ndipo tinawafotokozera zonse zimene mwamvazi. Anafunsa mafunso ambiri, makamaka za lamulo loyamba. Avomera kubwerera, ndipo tagwirizana kuti iwo ndiwo adzasunga nyemba ndi kuweruza magulu akakangana, pakuti ntchito imeneyo amaidziwa kuposa ife tonse.

Mutu umodzi susenza denga. Amene afuna kulembetsa maina ao, kapena a anzao amene sanafike lero, atipeze pa tebulo ili msonkhano ukatha.